Mu wotchi ya atomu, chimene chimagunda si atomu

Ambiri akamva za wotchi ya atomu amaganiza kuti m'kati mwake muli atomu imene ikugunda, ndipo makina akungowerenga kugundako. Si mmene zilili. Mu wotchi ya caesium, chitsulo chimene maatomu ake amagwiritsidwa ntchito poyeza nthawi, chimene chimagunda ndi chipangizo cha magetsi chopangidwa ndi manja a munthu, chotulutsa mafunde a microwave, a mtundu umodzi ndi aja onyamula mawu pakati pa nsanja za mafoni. Akatswiri amachitcha local oscillator, ine ndizichitcha gwero la mafunde. Ntchito ya maatomu ndi kumvetsera gwerolo n'kunena ngati lathamanga kapena lachedwa. Akanena, gwero limakonzedwa pang'ono n'kupitiriza kugunda. Nthawi imene wotchi imapereka imachokera ku gwerolo.

Nambala imene gwero liyenera kusunga ndi 9,192,631,770. Mu 1967 msonkhano waukulu wa mayiko woona za miyezo unagwirizana kuti sekondi imodzi ndi nthawi imene mafunde ogwirizana ndi atomu ya caesium-133 amatenga kuti agwedezeke kokwana nambala imeneyo. Njira inali itatsegulidwa ndi Louis Essen ndi Jack Parry, amene anapanga wotchi ya caesium ku National Physical Laboratory, ku Teddington, mu 1955. Kuyambira pamenepo ulemu wonse umapita kwa atomu, ndipo m'pomveka, pakuti atomu ya caesium ya ku Paris ndi ya ku Tokyo n'zofanana ndendende. Koma ine mtima wanga uli pa gwero. Ndikaona mmene mawotchi amenewa akhalira abwino kuyambira m'ma 1990, ndimapeza kuti maatomu anali okonzeka kale, chimene chinkawabweza m'mbuyo ndi phokoso la chipangizo chowafunsa.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu a ntchitoyi amazisiyanitsa. Kulondola ndi funso lakuti kodi wotchi ikupereka sekondi yeniyeni. Kukhazikika ndi funso lakuti kodi sekondi ya tsopano ikufanana bwanji ndi yotsatira. David Allan anapereka mu 1966 njira yoyezera kukhazikika imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mu wotchi yabwino, kusinthasintha kwa apa ndi apo kumachepa munthu akayeza nthawi yaitali, koma kumachepa mwaulesi: kuti kutsike ndi theka, uyenera kudikira nthawi yochuluka kanayi. Kuti kutsike kakhumi, udikire ka 100. Sungani lamulo limeneli, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mawotchi olondola kwambiri a caesium ndi aja otchedwa fountain, chifukwa maatomu amaponyedwa m'mwamba n'kugwa okha. Kuwala kwa laser kochokera mbali 6 kumagwira maatomu n'kuwaziziritsa mpaka kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa 1 miliyoni la digiri kuti afike pa ziro weniweni, kuzizira kotsiriza kumene palibe chingakupitirire. Kenako kamtambo ka maatomuwo kamaponyedwa m'mwamba pa liwiro la mamita 4 pa sekondi, kapena kuposera pang'ono, n'kukwera pafupifupi mita imodzi. Pokwera kamadutsa m'kabokosi ka kopa momwe muli mafunde a microwave, potsika kamadutsamonso. Pakati pa maulendo awiriwa pamapita pafupifupi theka la sekondi. Njira yofunsa atomu kawiri imeneyi ndi ya Norman Ramsey, ya mu 1949. Jerrold Zacharias anayesa kupanga fountain ku yunivesite ya MIT ku America m'ma 1950 koma sizinatheke, pakuti maatomu ake anali otentha ndi othamanga. Zinadikira laser, ndipo gulu la André Clairon ku Paris linasonyeza fountain ya caesium mu 1991.

Tsopano taonani mmene nthawi imagawidwira. Ulendo umodzi wathunthu umatenga sekondi imodzi ndi kanthu. Theka la sekondi lokha ndi limene maatomu amakhala akumvetsera. Nthawi yotsalayo imathera posonkhanitsa maatomu atsopano, kuwaziziritsa, kuwaponya, ndi kuwerenga aja agwa. Pa nthawi yonseyo gwero limakhala lokha, popanda woliona.

Mu 1987, G. John Dick wa ku Jet Propulsion Laboratory ku California anafotokoza zimene mpata umenewu umachita, ndipo vutoli limadziwika ndi dzina lake. Tayerekezani wotsogolera kwaya amene khutu lake silinama, koma amamvetsera woimba wake pa theka loyamba la mzere uliwonse, theka linalo n'kukhala akuyang'ana m'buku. Ngati mawu a woimbayo amanjenjemera mwakuti amakwera pang'ono nthawi imene mtsogoleri akumvetsera n'kutsika nthawi imene sakumvetsera, mtsogoleri adzakhulupirira kuti woimbayo wakweza, ndipo adzamuuza kuti atsitse. Pamenepo wamulakwitsa yekha, pakuti mzere wonse ukauphatikiza mawuwo anali pamalo pake. N'zimene zimachitika mu fountain. Kunjenjemera kwa gwero kumene kumayenderana ndi ulendo wa maatomu, kaya kamodzi pa ulendo, kaya kawiri, kaya katatu, kumaoneka kwa maatomu ngati kusochera kwenikweni, ndipo wotchi imakonza chimene sichinalakwike. Chowawa n'chakuti kuwonjezera maatomu sikuthandiza. Uwonjezere kakhumi, phokoso la gwero likhalabe pomwepo.

Kwa zaka zambiri gwero linali kamwala ka quartz, mbale wake wa kaja kali mu wotchi yapamkono, koma kosemedwa mosamala kwambiri n'kusungidwa pa kutentha kosasintha. Abwino koposa anali a mtundu wa BVA, umene Raymond Besson anayambitsa ku Besançon, ndipo kampani ya Oscilloquartz ya ku Neuchâtel inkawapanga. Kamwala kotere kamagwedezeka ka 5 miliyoni pa sekondi, choncho kuti mafunde afike pa 9.2 biliyoni ayenera kuchulukitsidwa pafupifupi ka 1,840. Pochulukitsa, kunjenjemera kwa mafunde nakonso kumakula, ndipo mphamvu ya phokosolo imakula ka 1,840 kuchulukitsa ndi 1,840, kupitirira mamiliyoni atatu. Sindikunyoza quartz. Ndi chipangizo chokhulupirika, chosavuta, chogwira ntchito zaka osazima. Koma fountain yodalira quartz imaima pa kukhazikika kwa pafupifupi 1 kapena 2 × 10⁻¹³ pa sekondi imodzi, kutanthauza gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10,000,000,000,000.

Nambala imeneyi ndi yaing'ono zedi, ndipo munthu angafunse kuti nanga vuto lili pati. Tiwerenge. Ma fountain abwino amalondola kufika cha m'ma 1 × 10⁻¹⁶. Kuti wotchi ya 2 × 10⁻¹³ itsike kufika pamenepo, phokoso liyenera kuchepa ka 2,000, ndipo malinga ndi lamulo lija pafunika masekondi 4,000,000, omwe ndi masiku 46. Gwero likakhala labwino mwakuti wotchi iyambire pa 2 × 10⁻¹⁴, pafunika masekondi 40,000 okha, maola 11. Ndipo kuyeza kotereku sikuchitika kamodzi. Maatomu ozizira akamagundana okhaokha amasuntha pang'ono frequency ya wotchi, kutanthauza kuchuluka kwa kugwedezeka pa sekondi, ndiye kuti munthu adziwe kusunthako ayenera kuyendetsa wotchi ndi maatomu ambiri, kenako ndi ochepa, n'kufanizira. N'chimodzimodzi ndi mavuto ena onse ofunika kuwafufuza. Mwezi ndi theka pa funso lililonse, kapena usiku umodzi. Kumeneko n'kusiyana kwa labotale imene imadziwa wotchi yake ndi imene imangoiganizira.

Yankho loyamba lamphamvu linachokera ku Perth, ku University of Western Australia, kumene David Blair, Anthony Mann, Andre Luiten ndi anzawo ankagwira ntchito pa mwala wa sapphire. Ndi mwala womwe uja umapezeka ku Chimwadzulu ku Ntcheu, aluminium oxide, koma wa ntchitoyi amaumera m'fakitale kuti ukhale woyera ngati madzi. Amausema ngati kamgolo ka masentimita pafupifupi 5 m'mimba mwake, n'kulowetsamo mafunde a microwave amene amayenda mozungulira m'mphepete mwa mkati, osatuluka. Kuzungulira kotereku amakutcha whispering gallery, potengera khonde lozungulira la m'tchalitchi cha St Paul's ku London, kumene munthu akanong'ona pafupi ndi khoma mawu amatsata khomalo mpaka kumveka kutsidya. Lord Rayleigh ndiye anafotokoza chifukwa chake. Sapphire ikaziziritsidwa ndi helium wamadzi, amene amawira pa -269 °C, imasiya pafupifupi kumeza mphamvu ya mafundewo. Muyezo wa ukhondo wa kulira kwake, umene amautcha Q, umafika cha pa 1 biliyoni, pamene wa quartz yabwino uli pa mamiliyoni awiri kapena atatu.

Chimene chimandikoma pa sapphire ndi ichi. Mwala uliwonse umasintha kulira kwake kutentha kukasintha, ndipo sapphire yoyera kotheratu ikanavuta kwambiri. Koma ngakhale m'mwala woyeretsedwa mumatsalira tizitsulo tochepa zedi, monga titanium ndi molybdenum. Kuzizira kukafika patali, tizitsulo timeneti timakokera frequency mbali ina pamene mwalawo ukuikokera mbali inayo, ndipo pali digiri imodzi, cha pa -267 °C, pamene ziwirizi zimathetsana. Ukasunga mwala pamenepo, kutentha kukasuntha pang'ono frequency sisuntha. Zimene munthu akanazitcha zoipitsa mwala n'zimene zinaupatsa malo oimapo. Ofufuzawo anafunika kuzindikira zimenezi, kupeza digiriyo pa mwala uliwonse paokha, n'kuusunga pamenepo usana ndi usiku.

Gwero la ku Perth linanyamulidwa kupita ku Paris Observatory, ndipo mu 1999 Giorgio Santarelli, Clairon, Christophe Salomon ndi anzawo a ku Australia analengeza zimene anapeza. Kukhazikika kunafika pa 4 × 10⁻¹⁴ pa sekondi imodzi, kuposa kasanu zimene zinalipo kale. Koma chachikulu sichinali nambalayo. Anaona kuti akawonjezera maatomu, mpaka 600,000, wotchi imakhazikika kwambiri motsatira ndendende zimene masamu amanena. Apa ndiye kuti gwero linali litakhala chete moti phokoso lotsala linali la maatomu eni ake. Wotchi imaikidwa dala pamalo pamene theka la maatomu limasintha, theka osasintha, ndipo palibe angadziwiretu kuti atomu iyi igwera mbali iti. Kusadziwika kumeneko ndi lamulo la chilengedwe, amakutcha quantum projection noise, ndipo kumachepa pokhapokha maatomu akachuluka. Kufika pamenepo ndi kufika pamene dzanja la munthu lasiya kusokoneza. Patapita zaka zochepa fountain yawo ina, FO2, inafika pa 1.6 × 10⁻¹⁴.

Mtengo wake unali helium. Amauma, ndi wodula, ndipo pakapita masabata angapo munthu ayenera kubwera ndi thanki kudzathira wina, zimene zimasokoneza gwerolo kwa kanthawi. Firiji ya makina yofika kuzizira kotereku ilipo, koma imagunda pafupifupi kamodzi pa sekondi, pomwe penipeni pamene fountain sifuna kunjenjemera kulikonse. Gulu la FEMTO-ST ku Besançon linapeza njira yotulutsa kutentha m'mwalawo popanda kuulowetsa kugwedezeka, ndipo gwero lawo lotchedwa ELISA linaikidwa mu 2012 pa siteshoni ya European Space Agency ku Malargüe, ku Argentina, yolondolera zombo zakutali m'mlengalenga. Ku Adelaide nako sapphire yapeza ntchito pa radar ya asilikali a ku Australia. Sikuti inatha, ayi.

Njira yachiwiri inachokera kumene sindikanayembekezera kuti anthu a microwave angayang'ane: ku kuwala. Mu 1946 Robert Pound anafalitsa njira yomangirira gwero la microwave ku kabokosi kolira, kuti likangosuntha libwezedwe. Mu 1983 Ronald Drever, John Hall ndi anzawo anaitengera ku laser. M'malo mwa kabokosi amaika magalasi awiri oyang'anizana, omatidwa kumapeto kwa kachidutswa ka galasi lapadera losafutukuka ndi kutentha, kotalika masentimita 10 kapena kuposerapo, koikidwa mopanda mpweya ndi motetezedwa ku kugwedezeka kwa pansi. Laser yomangiriridwa ku magalasi otere imakhazikika mpaka cha pa 1 × 10⁻¹⁵ pa sekondi imodzi, kuposa quartz ka 100, popanda dontho la helium. Vuto linali lakuti kuwalako kumagwedezeka pafupifupi ka 194,000 biliyoni pa sekondi, ndipo palibe chipangizo cha magetsi chingawerenge liwiro limenelo.

Mlatho wake ndi frequency comb, chipeso cha kuwala, chimene chinapatsa Hall ndi Theodor Hänsch mphoto ya Nobel mu 2005. Ndi laser yothwanima mofupikitsa kwambiri, mwachitsanzo ka 250 miliyoni pa sekondi. Kuwala kwake ukakugawa umapeza mizere masauzande mazanamazana yotalikirana mofanana, ndipo mtunda wa pakati pa mizereyo ndi wofanana ndi liwiro la kuthwanimako. Ukamangirira mzere umodzi ku laser yokhazikika ija, chipeso chonse chimagwidwa, ndipo kuthwanima kwake kumalandira kukhazikika kwa laseryo. Kenako umangowalitsa kuthwanimako pa photodiode, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi, n'kutolapo mafunde a microwave. Apa sitikuchulukitsanso ngati pa quartz, tikugawa, pafupifupi ka 20,000. Lamulo lomwe linkatipweteka lija latembenuka, ndipo mphamvu ya phokoso imatsika pafupifupi ka 400 miliyoni. Ndikaganizira zimenezi ndimasangalala, pakuti nzeru ya Pound inachoka ku microwave, inakakhala ku kuwala zaka zambiri, n'kubwerera kwawo itanyamula zoposa zimene inapita nazo.

Mu 2009 magulu awiri anasonyeza kuti zimatheka pa fountain yeniyeni: la PTB, labotale ya miyezo ya ku Germany, ku Braunschweig, komwe kunali Stefan Weyers ndi Burghard Lipphardt, ndi la ku Paris. Onse anafika pa phokoso la maatomu okha. Mu 2011 Tara Fortier, Scott Diddams ndi anzawo ku NIST, labotale ya miyezo ya ku America, ku Boulder, anatulutsa mafunde a 10 GHz, ogwedezeka ka 10 biliyoni pa sekondi, okhazikika kuposa 1 × 10⁻¹⁵ pa sekondi imodzi. Koma pa kuwala naponso pali msampha, ndipo uli pa kachipangizo kotsiriza kaja. Kuwala kukawonjezeka mphamvu pang'ono chabe, photodiode imasintha nthawi imene imayankhira, ndiye kusinthasintha kwa mphamvu kumasanduka kusinthasintha kwa nthawi. Ofufuza athera zaka akufunafuna mlingo wa kuwala pamene kusandukaku kumazimirira, ndi kupanga ma photodiode opirira kuwala kwamphamvu.

Ndipo gwero lingakhale labwino chotani, pakati pa ilo ndi maatomu pali ulendo. Sapphire ya ku Paris inkalira pafupi ndi 12 GHz, osati 9.19, choncho mafunde ankayenera kusakanizidwa, kugawidwa, ndi kusunthidwa pang'onopang'ono ndi synthesizer, chipangizo chopanga frequency imene ukufuna, mpaka agwere pa nambala ya caesium. Chilichonse cha panjirapo chingawonjezere lake phokoso. Chingwe chikatentha chimatalika. Swichi yozimitsa mafunde kuti asatayikire kwa maatomu akuuluka ingasiye kakugwedezeka kobwera nthawi yomweyomweyo pa ulendo uliwonse, ndipo kotereko sikachepa ngakhale uyeze chaka chonse, kamangonamiza wotchi. Ntchito imeneyi sipatsa munthu mphoto, koma ndi imene imasiyanitsa gwero labwino papepala ndi wotchi yabwino.

A ku Switzerland analiona vutoli mwa njira ina. Ngati chopweteka ndi mpata umene maatomu samvetsera, bwanji osautseka? Fountain yawo, FoCS-2, imene ili ku labotale ya miyezo ya METAS pafupi ndi Bern, siponya maatomu m'timitambo. Imawatulutsa mosalekeza, akukwera mbali ina n'kutsika mbali ina, moti gwero silikhala lokha. Ndi nzeru yabwino, ngakhale ili ndi zovuta zakezake poyeza kulondola, ndipo ma labotale ambiri sanaitsatire.

Mukandifunsa kuti ndi iti imene ipambane, ndinena kuti ya kuwala, koma osati chifukwa cha manambala ake. Sapphire ndi chipeso zonse ziwiri n'zachete kale kuposa zimene fountain ikufuna. Funso latsala ndi lakuti ndi iti imene ingayende mwezi wathunthu osasiya. Ofesi ya mayiko yoona za miyezo, BIPM, ku Sèvres ku France imaphatikiza mawotchi mazana angapo a m'mayiko osiyanasiyana kuti ipange nthawi ya dziko lonse, UTC, ndipo imadalira ma fountain ochepa kuti anene mwezi ndi mwezi ngati sekondi ya UTC ili yolondola. Fountain ikaima masiku awiri chifukwa laser yamasuka kapena helium watha, mpatawo umalowa mu ripoti ngati kusatsimikizika kowonjezera. Kwa ine gwero loyenda bwino masiku 30 limaposa gwero lodabwitsa loyenda masiku 25. Zipeso zoyambirira zinkafuna munthu pambali pake tsiku lonse. Za masiku ano, zopangidwa ndi ulusi wa galasi wonga wa intaneti, zimayenda nthawi yaitali zokha, ndipo ku PTB gwero lotere ndi limene limafunsa ma fountain awo pa ntchito ya masiku onse. Ubwino wina ndi wakuti labotale imene ili ndi wotchi ya kuwala, yomwe maatomu ake amafunsidwa ndi laser m'malo mwa microwave, imakhala nayo kale laser yokhazikika ndi chipeso.

Mawotchi a kuwalawo, a strontium ndi ytterbium ndi ena, aposa kale caesium pafupifupi ka 100, ndipo msonkhano wa miyezo uja unagwirizana mu 2022 kukonzekera kusintha tanthauzo la sekondi, akuyang'ana chaka cha 2030. Wina angaganize kuti zikatero nkhani ya microwave yatha. Ine ndikuona kuti ndi pamene idzakule. Kompyuta, setilaiti, radar, nsanja ya foni ndi telesikopu ya mafunde a wailesi siziwerenga kuwala, zimawerenga magetsi. Sekondi ikadzakhala ya kuwala iyenera kutsitsidwa kufika ku microwave isanagwire ntchito kwa wina aliyense. Mu 2020 Takuma Nakamura ndi anzake ku NIST anatsitsa mawotchi awiri a ytterbium kufika pa 10 GHz, n'kusonyeza kuti mafundewo amasunga kukhazikika kwa wotchi mpaka cha pa 10⁻¹⁸. Mu 2024 gulu lotsogozedwa ndi NIST linasonyeza kugawa komweku ndi tizipangizo ta pa chip, totulutsa 20 GHz. Tizipangizoti sitinafike pa mlingo wa zida zodzaza tebulo, ndipo zambiri zotithandizira zikadali kunja kwa chip. Chimene ndikudikira kuona ndi tsiku limene kotere kadzaikidwe pa wotchi yeniyeni n'kusiyidwa mwezi wonse popanda woukhudza.